Nyumba ili ndi mwini wake: m'mene mapemphero a pabalaza amayendera

Nyumba yomwe mukuchitika mapemphero simuchita kufunsira, nsapato ndi zomwe zimakulozerani. Masilipasi, nsapato zafumbi za anthu ochokera kuntchito, tinsapato ta ana, zonse zili mbwee pakhonde, ndipo m'katimo mukumveka nyimbo yomwe woyambitsa waitengera pamwamba kwambiri moti abambo angotsala n'kung'ung'udza. Mukasuzumira mupeza sofa yasiyidwira akuluakulu, amayi ayala mphasa, anyamata akhalira zigubu ndi ndowa zovundikira, TV yafunditsidwa nsalu. Mwini nyumba wakhala kufupi ndi chitseko koma mtima wake suli m'nyimbomo. Khutu lina likumvetsera odi, lina lili kuseri komwe ketulo ili pambaula.

Akatolika a kuno kuchigawo chapakati amati mphakati, anzawo ambiri a kummwera amati limana. Ife a CCAP timati mlaga. A mipingo ya chipentekoste amati selo, ndipo pali magulu ena osayang'ana mpingo wa munthu omwe amangodzitchula kuti felosipu. Kunja kuno kulinso Akhristu omwe alibiretu tchalitchi, nyumbayo ndiye mpingo wawo wonse. Magulu amenewa amasiyana pa chiphunzitso, ena mpaka sangakhalire mphasa imodzi, koma onse amakumana ndi chinthu chimodzi chomwe kutchalitchi kulibe. Tchalitchi n'cha aliyense, palibe amene angati n'changa. Nyumba ili ndi mwini wake. Pali amene amalipira lendi, amene wasesa, amene wagula shuga, ndi amene atsuke makapu anthu akabalalika. Zokoma za mapemphero a m'nyumba zimachokera pamenepa, mavuto ake nawonso amachokera pomwepa, ndipo zakhala choncho kuyambira masiku a atumwi.

Mpingo usanakhale ndi denga lakelake

Tikamawerenga Chipangano Chatsopano timaiwala kuti mawu akuti mpingo m'menemo sakunena nyumba ya njerwa. Kwa zaka pafupifupi 200 Akhristu analibe nyumba zomangira mapemphero. Paulo popereka moni kwa Priska ndi Akula pa Aroma 16 akuti moniyo ifikenso kwa mpingo wa m'nyumba mwawo. Pa Akolose 4 akutchula Numfa ndi mpingo wa m'nyumba mwake. Ku Filipi mpingo unayambira kwa Lidiya, mayi wa bizinesi ya nsalu zodula, ndipo Paulo ndi Sila atatulutsidwa m'ndende anapita kukaonana ndi abale kunyumba kwa mayiyo. Taonani kuchuluka kwa mayina a amayi pamenepo. Amene akuti amayi ayamba lero kunyamula mapemphero a m'makomo sanawerenge bwino.

Nkhani ziwiri za m'buku la Machitidwe a Atumwi zimandikumbutsa mlaga wathu. Petro atatuluka m'ndende usiku anapita kunyumba ya Mariya, amake a Yohane Marko, komwe anthu anasonkhana kumupempherera. Atagogoda, mtsikana wantchito dzina lake Roda anazindikira mawu ake, koma chifukwa cha chimwemwe anaiwala kutsegula n'kuthamangira m'kati, ndipo opempherawo anamuuza kuti wapenga. Ku Trowa nako, Paulo analankhula mpaka pakati pa usiku m'chipinda chapamwamba chomwe munali nyale zambiri, mnyamata wina dzina lake Utiko atakhala pazenera. Tulo tinamugwira, n'kugwa kuchokera pansanja yachitatu. Aliyense amene anakhalapo m'chipinda chodzaza anthu mwezi wa Okutobala akudziwa chomwe chinamutengera mnyamatayo pazenera. Malo anali atatha, mpweya unalinso wochepa.

Koma pomwe nyumba ikuonekera kwambiri ndi ku Korinto. Masiku amenewo Mgonero wa Ambuye unali m'kati mwa chakudya chenicheni, anthu n'kukhuta. Paulo pa 1 Akorinto 11 akudandaula kuti akasonkhana aliyense amayamba kudya chake, moti wina amakhala ndi njala pomwe wina waledzera. Zinkatheka bwanji pakati pa anthu opemphera limodzi? Akatswiri ena omwe anafufuza mabwinja a nyumba za Aroma olemera amafotokoza motere. Chipinda chodyera chinkakwana anthu ochepa, mwamwambo asanu ndi anayi, ndipo ankadya atatsamira. Otsala ankakhala pabwalo la m'kati mwa nyumba. Mwini nyumba ndi anzake a ndalama, omwe analibe bwana wowauza nthawi yowerukira, ankafika msanga n'kulowa m'chipinda chodyera. Akapolo ndi aganyu ankafika mochedwa n'kupeza mbale zayera. Mwini nyumbayo mwina sankaona cholakwika, poti pamaphwando a nthawiyo alendo ankapatsidwa malo ndi chakudya motengera ulemerero wawo. Mwambo wa panyumba unameza mwambo wa mpingo. N'chifukwa chake Paulo anawauza kuti azidikirana, ndipo wa njala azidyeratu kwawo.

Kalata ya kwa Filemoni ndi yokhwima kuposa apa. Filemoni anali ndi kapolo, Onesimo, yemwe anachoka pakhomo pake n'kukakumana ndi Paulo. Pomubweza, Paulo sanalembere Filemoni yekha. Kalatayo inapita kwa iye, kwa Apiya, kwa Arkipo ndi kwa mpingo wa m'nyumba mwake, kutanthauza kuti inawerengedwa pabalaza pake, anthu onse akumva kuti kapoloyo alandiridwe ngati m'bale. Tangoganizani nkhope ya mwini nyumba.

Anthu akunja nawo ankaziona. Cha m'ma 112, Pliny yemwe anali bwanamkubwa wa Bithynia, chigawo cha ufumu wa Aroma, analembera mfumu Trajan kuti Akhristu amasonkhana tsiku loikika kusanache, amaimbira Khristu ngati mulungu, amalumbira kuti sadzaba kapena kuchita chigololo, kenako amabalalika n'kudzakumananso kuti adye chakudya wamba. Ndipo ku Dura-Europos, m'mbali mwa mtsinje wa Euphrates ku Syria, ofukula zakale anapeza nyumba ya munthu yomwe inasandutsidwa malo opemphereramo pakati pa zaka za 233 ndi 256. Anagwetsa khoma la pakati pa zipinda ziwiri kuti mukhale holo yokwana anthu 60 kapena 70, chipinda china n'kuchisandutsa chobatiziramo. Kunja inkaonekabe ngati nyumba ina iliyonse pamsewupo. Khoma logwetsedwalo musaliiwale, tibwererakonso.

Mfumu Constantine italola Chikhristu mu 313, matchalitchi akuluakulu anayamba kumangidwa. Panali phindu lake, poti anthu anasiya kupemphera mobisala, ndipo chiphunzitso chinkatha kuyang'aniridwa. Koma munthu tsopano ankatha kulowa, kuima kumbuyo, n'kutuluka popanda womudziwa dzina.

Chifukwa chake anthu amabwereranso pabalaza

Kuchokera nthawi imeneyo, mpingo ukakula kwambiri kapena ukapanikizidwa, anthu amapezeka abwerera m'nyumba. Mu 1670 mbusa wa Lutheran ku Frankfurt, Philipp Spener, anayamba kuitana anthu kunyumba kwake kuti azikambirana ulaliki ndi Malemba. Ku China matchalitchi onse atatsekedwa pa nthawi ya chipwirikiti cha ndale chotchedwa Cultural Revolution, kuyambira 1966 mpaka 1976, Chikhristu chinapulumukira m'makomo, ndipo mpaka lero kuli Akhristu ambiri omwe amasonkhana m'nyumba posafuna kulembetsa ku mabungwe a mipingo oyang'aniridwa ndi boma. Ku Seoul m'dziko la South Korea, mbusa David Yonggi Cho atakomoka ndi kutopa mu 1964 anagawa mpingo wake m'timagulu ta m'nyumba. Atsogoleri aamuna anakana ntchitoyo, amayi n'kuitenga, ndipo mpingowo, Yoido Full Gospel Church, unakula mpaka kupitirira anthu theka la miliyoni. Maselo omwe tikuwaona m'mipingo ya chipentekoste kuno kwathu mizu yake yambiri ili kumeneko.

Ya John Wesley, mlaliki wa ku England amene anayambitsa Methodist, ndiyo imandiseketsa. Mu 1742 anthu ake ku Bristol anali ndi ngongole ya nyumba yomwe anamanga. Wina anapereka maganizo akuti agawidwe m'magulu a anthu 12, ndipo mtsogoleri wa gulu aziyendera aliyense kutolera kobiri limodzi pa sabata. Otolera ndalamawo poyenda m'makomo anayamba kupeza zomwe mlaliki sakanaziona ali pagome, monga uyu akudwala, uyu wabwerera ku mowa, awa sakulankhulana. Wesley anaona kuti wapeza chida choposa chomwe ankafuna, ndipo magulu aja anasanduka misonkhano ya sabata ndi sabata yofunsana za moyo wauzimu. Kwa iwo zinayamba ndi ndalama n'kuthera ku ubusa. Kwa ife nthawi zambiri zikuyenda chobwerera m'mbuyo.

Kuno kwathu nkhani ya miphakati siyingakambidwe osatchula Patrick Kalilombe, yemwe anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972. Vuto linali loonekeratu. Parishi imodzi inali ndi midzi yambirimbiri, ansembe ochepa, ndipo Mkhristu wa kutali ankatha miyezi osaona bambo mfumu. Kuyambira 1973 mpaka 1975 dayosiziyo inachita sinodi yaing'ono yomwe inafika mpaka kwa Akhristu wamba, ndipo mfundo yake inali yoti mpingo uzikhala pomwe anthu akukhala, uzidzitumikira wokha, kudzifalitsa wokha ndi kudzidalira pa chuma. Bungwe la maepiskopi a kummawa kwa Africa la AMECEA, lomwe Malawi ndi Zambia ndi mamembala ake, linakambirana zomwezi ku Nairobi mu 1973, ndipo mu 1976 linagamula kuti timagulu ta Akhristu timeneti ndiye tikhale patsogolo pa ntchito yonse ya ubusa. Mu 1979 maepiskopiwo anakumana ku Zomba kuunika m'mene ntchitoyo ikuyendera.

Boma la chipani chimodzi silinazione choncho. Anthu osonkhana m'nyumba madzulo, osankha okha atsogoleri awo, okambirana mavuto a m'mudzi popanda wapampando wa chipani, kwa a boma la Kamuzu Banda zimenezo zinali ndale. Kalilombe anatuluka m'dziko mu 1976, anatula pansi udindo mu 1979, ndipo anakhala kunja zaka zambiri asanabwerere. A Mboni za Yehova, omwe analetsedwa mu 1967 mpaka 1993 ndipo anazunzidwa koopsa pa nkhani ya makadi a chipani, ankasonkhana m'timagulu m'nyumba ndi m'tchire, ambiri atathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Olamulira amadziwa kuti tchalitchi n'chosavuta kuchiyang'anira, ungotumiza munthu mmodzi akakhale pabenchi ya kumbuyo. Pabalaza pa anthu 15 mlendo amadziwika asanavule nsapato.

Zomwe zimachitika m'katimo

Ndondomeko siisiyana kwenikweni. Nyimbo ziwiri kapena zitatu podikira ochedwa, pemphero lotsegulira, kulandira alendo, kuwerenga Mawu, kugawana, mapemphero opembedzera, chopereka, zolengeza, kenako kulengeza nyumba ya sabata yamawa. Kusiyana kwenikweni ndi Lamulungu kuli pa kugawana. Kutchalitchi mmodzi amalankhula, ena onse n'kumamvera. Pabalaza aliyense ali ndi pakamwa. Paulo pa 1 Akorinto 14 akufotokoza msonkhano womwe wina ali ndi salimo, wina chiphunzitso, wina vumbulutso. Zimenezo sizingatheke pa anthu 800, zimatheka pa anthu 20.

Miphakati yambiri imatsata njira ya masitepe asanu ndi awiri yomwe inakonzedwa ku Lumko Institute ku South Africa. Mukaitana Ambuye ndi kuwerenga ndime, aliyense amatola liwu kapena kachiganizo komwe kamukhudza n'kukanena mokweza, kenako onse amakhala chete kwa mphindi zingapo, ndiyeno amagawana zomwe Mawuwo anena kwa iwo, amakambirana ntchito yoti agwire, n'kutseka ndi pemphero. Nzeru ya njira imeneyi ndi yoti agogo osadziwa kuwerenga angathe kubwereza liwu lomwe amva, ndipo mphunzitsi wa sekondale sapeza mpata wolalikira. Ine wa CCAP ndimawasirira pamenepa. Kumlaga timakonda kusankha mmodzi kuti atigawire Mawu, iye n'kuimirira ngati ali pagome, mphindi 40 n'kutha, ndipo timabwerera kwathu titachita Lamulungu laling'ono pa Lachitatu.

Kukhala chete kuja n'kovuta kuposa m'mene kumamvekera. M'nyumba mwana akulira, oyandikana nawo akuthyakula nsima, panja wogulitsa makala akuitanira. Komatu phokoso lomwelo ndi lomwe limachititsa kuti pemphero likhale la zinthu zenizeni. Pabalaza anthu sapempherera dziko lonse mwachisawawa. Amapempherera fizi ya mwana amene wakhala pomwepoyo, mwendo wotupa womwe onse akuuona, feteleza, bambo amene wachotsedwa ntchito. Ndipo mukapempherera munthu amene mwaona ndi maso kuti m'nyumba mwake mulibe ufa, n'zovuta kungonena kuti ameni n'kunyamuka.

Ntchito yaikulu ya magulu amenewa imaoneka pa matenda ndi pa maliro. Uthenga ukangomveka, a mphakati kapena a mlaga ndi omwe amayamba kufika, kutulutsa katundu pabalaza, kusonkha ufa ndi nkhuni, kuimba usiku wonse, kuperekeza thupi kumudzi. M'tauni, momwe munthu ali kutali ndi abale ake ndi amfumu ake, gulu limeneli ndi lomwe limalowa m'malo mwa mudzi. Ena amalowa mlaga chifukwa cha chomwechi, kuopa kudzaikidwa ngati galu, ndipo ine sindiwaweruza. Kupatsa n'kuika.

Abambo ndiye amasowa. Pa anthu 20 mupeza abambo atatu, ndipo mwa atatuwo mmodzi ndi wapampando, wina ndi mlembi. Zifukwa zimaperekedwa, zina n'zoona, monga nthawi yowerukira ndi mayendedwe. Koma china n'chakuti bambo wa Chimalawi sakonda kukhala pampando wa bambo mnzake n'kumaulula zomwe zikumuvuta pamaso pa akazi a eni.

Tiyi, chopereka ndi pakamwa

Mapemphero akamazungulira nyumba ndi nyumba, aliyense amaona m'mene mnzake amakhalira. Cholinga chake n'chabwino, kuti pasakhale nyumba yonyozeka. Koma tiyi amatha kuwononga zonse. Kumlaga kwathu zinayamba ndi madzi akumwa. Wina anawonjeza tiyi, wotsatira anathira mkaka, wina anabweretsa mandasi, mpaka tsiku lina tinadya mpunga wa nkhuku. Itafika sabata ya mayi wina wamasiye yemwe amakhala m'chipinda chimodzi cha lendi, tinapeza loko pachitseko. Ana ake anali panja, ndipo wamkulu anatiuza maso ali pansi kuti amayi apita kuchigayo. Tinaima pamenepo ndi mabaibulo m'manja, aliyense akudziwa kuti kuchigayo sanapite. Tinali titamanganso Korinto ndi manja athu. Sabata yotsatira tinagwirizana kuti kuyambira tsopano ndi madzi okha basi. Lamulolo linagwira miyezi iwiri, kufikira mayi wina anatulutsa zitumbuwa n'kunena kuti n'za ana.

Mwini nyumba amakhalanso ndi mphamvu zomwe palibe anamupatsa. Gulu likakhazikika panyumba imodzi chifukwa ndi yaikulu, ili ndi mipando ndi magetsi, mwini wake amasanduka mtsogoleri ngakhale asanasankhidwe. Akalankhula zopotoka anthu amangoyang'ana pansi, poti nyumba ya mwini saotchera mbewa. Ukamutsutsa lero, sabata yamawa ukhalira sofa yake yomweyo ndi kumwa tiyi wake. Kuzungulira kumachepetsa vuto limeneli koma kumabweretsa la loko lija. Palibe njira yopanda minga, gulu limangosankha minga yomwe lingapirire.

Pa ndalama ndi pomwe ndimakumbukira Wesley. Chifukwa mphakati ndi mlaga zimafika pakhomo lililonse, likulu la mpingo limaziona ngati njira yachidule yotolerera ndalama. Masika, chitukuko, galimoto ya abusa, mpanda wa tchalitchi, zonse zimagawidwa kuti gulu lililonse lipereke mwakuti pofika tsiku lakuti. Zolengeza zimatalika kuposa Mawu. M'maparishi ambiri munthu wofuna kubatizitsa mwana kapena kumanga ukwati amayamba wadzera kumphakati kuti amuchitire umboni. Maganizo ake ndi omveka, poti oyandikana nawe ndi omwe amakudziwa. Koma umboniwo ukasanduka kufunsa ngati unamaliza zopereka, wapampando amasanduka wokhometsa msonkho, ndipo osauka amayamba kuzemba gulu lomwe linakhazikitsidwira iwo omwe. Magulu ena aphatikizamo banki m'khonde. Imathandiza, koma wina akalephera kubweza ngongole amasiyanso kubwera kumapemphero.

Ndiye pali pakamwa. Munthu amamasuka pabalaza n'kunena zomwe sakananena kutchalitchi, kuti mwamuna wake sagona pakhomo, kuti mwana wake watenga mimba, kuti kuchipatala amupeza ndi matenda akuti. Mawa lake nkhaniyo ili pamjigo, itavala malaya a pemphero, akuti tiwakumbukire mayi aujeni, muja mukudziwa zomwe akudutsamo. Gulu lomwe laulula chinsinsi kamodzi limapitiriza kukumana, kuimba ndi kupereka, koma kugawana kwenikweni kumatha. Anthu amayamba kupempherera mvula ndi atsogoleri a dziko.

Mgonero apereke ndani?

Apa ndi pomwe magulu aja amapatukirana. Mphakati ndi mlaga ndi ziwalo za mpingo waukulu. Kumphakati Misa imachitika pokhapokha wansembe akabwera, ndipo tsiku limenelo limakhala ngati chikondwerero. Kumlaga sitibatiza kapena kudya Mgonero patokha, zimenezo n'za abusa, ndipo mkulu wa mpingo amene amatiyang'anira amakapereka lipoti ku sesoni, bwalo la abusa ndi akulu a mpingo. Amene amati nyumbayo ndiye mpingo wathunthu amayankha kuti pomwe awiri kapena atatu asonkhana m'dzina la Yesu iye ali pakati pawo, ndipo wokhulupirira aliyense ndi wansembe, choncho amanyema mkate okha ndi kubatiza okha. Amanenanso kuti ndalama zomwe zikanapita ku njerwa ndi malata zimapita kwa anthu, ndipo pa mfundo imeneyi n'zovuta kuwatsutsa.

Mafelosipu ali pakatikati. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, pomwe uthenga wa kubadwanso mwatsopano unafala m'matauni ndi m'masukulu, anthu a mipingo yosiyanasiyana akhala akukumana m'nyumba pakati pa sabata, Lamulungu aliyense n'kupita kwawo. Amapitako chifukwa amapezako zomwe kwawo sapeza, monga kupemphera mokweza, umboni, kusanjika manja pa odwala, kuchezera usiku. Mipingo yakale inkawaona ngati akuba nkhosa, ndipo mantha amenewo sanali opanda pake, poti mipingo yambiri yatsopano m'matauni mwathu inayambadi ngati felosipu ya pabalaza, kenako kalasi ya sukulu yobwereka, kenako tenti.

Funso lomwe ine ndimafunsa gulu lililonse la m'nyumba ndi lakuti, mtsogoleri akalakwa, angamudzudzule ndani? Kumlaga kuli sesoni, kumphakati kuli bambo mfumu ndi khonsolo ya parishi. Zimachedwa, nthawi zina zimakondera, koma zilipo. Pomwe mwini nyumba ndi yemweyo mneneri, msungichuma ndi womasulira Malemba, palibe kokadandaula. M'zipinda zotere ndi momwe ena auzidwa kuti asiye ma ARV chifukwa achiritsidwa, momwe agogo atchulidwa kuti ndi mfiti yomwe ikutseka mwayi wa banja, momwe atsikana aitanidwa kukapemphereredwa paokha chitseko chitatsekedwa. Zoterezi zimachitikanso m'matchalitchi akuluakulu, koma m'nyumba mboni zimakhala zochepa, ndipo zochepazo zimamwa tiyi wa wolakwayo. Walira mvula walira matope, ufulu wa pabalaza umabwera ndi zimenezi.

Mu 2020, boma litachepetsa chiwerengero cha anthu osonkhana chifukwa cha Covid-19, mipingo yomwe inali ndi magulu a m'makomo olimba sinavutike kwambiri kudziwa amene akudwala ndi amene alibe chakudya. Mabanja ambiri anapemphera okha Lamulungu koyamba, bambo akuwerenga, mwana akuyambitsa nyimbo, ena akutsatira pa wailesi. A Malawi omwe ali ku Johannesburg, Cape Town kapena Leeds amazidziwa kale zimenezi. Kumeneko amapemphera Chingerezi kutchalitchi cha eni dziko m'mawa, madzulo n'kukumana m'fulati ya mmodzi wa iwo kuti aimbe m'Chichewa ndi kudya nsima, ndipo gulu lomwelo ndi lomwe limasonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi wina akamwalira.

Chipinda chikadzaza

Gulu la m'nyumba likamayenda bwino limakula, ndipo likakula limasiya kukwana m'nyumba. Likapitirira anthu 30 amanyazi amasiya kulankhula, ena amakhala pakhonde osamva zomwe zikunenedwa m'kati, alandilodi amayamba kudandaula za phokoso ndi chimbudzi, ndipo wina akajomba masabata atatu palibe amazindikira. Njira zimakhala ziwiri. Ina ndi ya ku Dura-Europos, kugwetsa khoma, kenako kugula malo, n'kukhala tchalitchi chomwe tsiku lina chidzafunanso timagulu ta m'nyumba. Ina ndi kugawa gululo pawiri. Mipingo ya maselo imachita kuphunzitsiratu wachiwiri kwa mtsogoleri kuti tsiku logawana likafika asasowe wotenga gulu latsopano. Enafe timazengereza mpaka zitavuta.

Mlaga wathu unagawidwa chaka chatha titafika mabanja oposa 40. Akulu a mpingo anatenga msewu wafumbi wodutsa pakati pa dera lathu kukhala malire. Zinatenga misonkhano itatu kuti tigwirizane za mabenchi anayi omwe tinagula limodzi, ndipo buku la msungichuma linachita kukopedwa pamanja kuti mbali iliyonse ikhale ndi lake. Agogo ena omwe nyumba yawo inagwera tsidya latsopano anamvetsera zonsezo osayankha kanthu. Lachitatu lotsatira tinawaona akuwoloka msewu ndi ndodo yawo, kampando kawo atanyamulitsa mdzukulu, kubwera ku mbali yakale. Mkulu wa mpingo anayesa kuwafotokozera za malire. Iwo anati anthu amene anawagonera pa maliro a amuna awo ali mbali ino, ndipo mpaka pano dzina lawo lili m'mabuku onse awiri.